Mutu 6: Kabotolo Kotsala Padzuwa

1. Galimoto ili pamzere wa mafuta

Thandie adali atagwira ntchito miyezi isanu pa labu yaing'ono yofufuza za malungo ku Area 23. Adali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, yemwe adakhoza bwino sayansi pa mayeso a Fomu 4. Ku Kawale kumene ankakhala, ena adali atayamba kale kumuitana kuti adokotala, ndipo iye sankakana. Ntchito yake yeniyeni idali kutsuka timabotolo ndi kulemba manambala, koma ndani amakana dzina lokoma?

Amene ankamuphunzitsa ntchito adali abambo Greenwell Chimbalanga, mkulu wa imvi amene adakalambira m'malabu. Adali munthu wa pakamwa polusa koma wa mtima wabwino.

Lachiwiri lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, a Chimbalanga adamuitana. Galimoto ya pantchito idali pamzere wa mafuta kuyambira dzulo lake.

"Ku labu yaikulu m'tauni kwafika chimene takhala tikudikira," adatero. "Ukatenge pa kabaza. Koma khala pansi kaye umve, chifukwa munthu wonyamula chinthu chimene sakuchidziwa amatha kuchikhalira."

Thandie adakhala pansi.

"M'magazi mwathumu muli asilikali otiteteza ku matenda. Kachilombo ka malungo kakalowa, thupi limakaika chizindikiro, monga timachitira ndi thumba la chimanga kuchigayo. Asilikali aja ali ndi timanja togwirira chizindikirocho, ndipo akachigwira amadya kachilomboko. Timanja timeneto ndi mapuloteni. Anzathu akunja amapanga timanja totere mu labu, osachotsa m'thupi la munthu ayi, n'kuika m'kabotolo. Si mankhwala, sungapatse wodwala. Ndi chida chofufuzira basi. Ife tikufuna tione ngati timanjato timagwira bwino zizindikiro za m'magazi a ana amene anadwala malungo aakulu. Mwina tingadziwe chifukwa chake mwana wina amachira pamene mnzake amatisiya."

Adaloza filiji yaikulu imene idali pangodya. Thandie ankadziwa chimene chidali m'menemo. Mudali magazi a ana makumi anayi, amene adatoleredwa madzinja awiri kwa ana ogonekedwa m'chipatala, makolo awo atavomera. Mwana aliyense adapereka timadontho tochepa, tokwanira kuyeza kamodzi kokha.

"Kabotolo kameneko kamafuna kuzizira," adapitiriza a Chimbalanga. "Ayisi wa mu kulabokosi, dzuwa lake limeneli, sapyola maola awiri. Kakafunda, timanja tija timalemala, koma madziwo amaoneka chimodzimodzi. Diso silingaone. Ndiye tamvera, mwana wanga. Ine ndaswapo zinthu zambiri pa moyo wanga, zina zodula kuposa nyumba yanga ya ku Biwi. Kuno kulakwitsa si mlandu, mlandu ndi kubisa. Chikakuchitikira chilichonse panjira, ubwere unene. Ndidzakalipa, inde, pakamwa panga umapadziwa. Koma kukalipa kumatha tsiku lomwelo."

"Ndamva, abambo," adayankha Thandie, maso ali kale pakhomo.

2. Masamba pamsewu

Itakwana 10 koloko, Thandie adatuluka mu labu yaikulu atakumbatira kulabokosi yabuluu. Kabotoloko kadali kakang'ono ngati nsonga ya chala chaching'ono. Asanakwere kabaza, foni yake idalira. Adali amayi ake, amene adali ku Ntcheu kumene ankadwazika mchemwali wawo.

"Thandie, amuna awo a Vaileti atisiya m'mawa uno," adatero amayiwo. Amayi Vaileti adali a khomo loyandikana nalo ku Kawale. "Thupi alinyamula lero lomwe kupita kwawo ku Dedza. Ine ndili kuno, pakhomo pathu palibe wina koma iwe. Pamene bambo ako anamwalira, ndani anagona nane pansi masiku atatu? Si a Vaileti? Maliro n'kulirana, mwanawe. M'tauni m'bale wako ndi wa khomo loyandikana nalo. Anthu saiwala amene anabwera ndi amene sanabwere. Akati mwana wa uje wavala chikhoti choyera ndiye maliro a amphawi akumununkha, ine nkhope ndidzaiika pati? Tsiku lina ifenso tidzafuna anthu. Kaonekere basi, upepese, uzipita."

Amayiwo sadalakwe, chifukwa sankadziwa chimene mwana wawo adanyamula. Amene adalakwa ndi Thandie, chifukwa sadawauze. Kuchokera ku Kawale kukafika ku Area 23 si ulendo woti munthu n'kumva njala. Akadatha kukatula katundu n'kubwerera. Koma adaopa kuti akapeza maliro atanyamuka, ndiye adati achite ziwiri nthawi imodzi. Pawiripawiri sipauzirika.

Atafika ku Kawale adapeza masamba atayalidwa pamsewu, chizindikiro cha maliro. Wa kabaza adazimitsa njinga.

"Sisi, ndikudikireni?"

"Ayi, pitani. Ndipeza ina, sindichedwa."

Pakhomo la siwa adakumana ndi amayi Emily, mkulu wa amayi a mumpingo, amene pamaliro aliwonse a m'deralo ndiwo amalongosola zinthu.

"Iwe Thandie, m'siwa ulowa ndi chimenecho ngati ukugulitsa mafilizesi? Bweretsa kuno."

"Amayi, ndi za kuntchito. Zimafuna pamthunzi."

"Mthunzi ulipo, adokotala," adatero amayi Emily, ndipo adakaika kulabokosi ija kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa papaya.

Thandie adavala chitenje chobwereka, adazimitsa foni, n'kulowa. Amayi Vaileti atamuona adamukokera pafupi, adamugwira dzanja n'kutsamira paphewa pake. "Amayi ako ali kuti, mwana wanga? Ona zandichitikirazi," adalira motero. Thandie nayenso adalira, ndipo misozi yake idali yoona, chifukwa malemuwo ndiwo ankamukonzera nsapato za kusukulu osafuna kanthu.

Adati nyimbo iyi ikatha anyamuka, koma nyimbo idalandirana ndi inzake. Kenaka galimoto yochokera ku mochale idafika. Amayi adadzaza m'nyumba mpaka pakhomo. Kudabwera kuona nkhope, kudabwera mawu a akubanja, kudabwera ulaliki. Mtsikana wolemekeza anthu angadzuke bwanji n'kumadumpha miyendo ya amayi, namfedwa atamugwira dzanja?

Adatuluka nthawi itapitirira 2 koloko. Mthunzi wa papaya wa m'mawa si mthunzi wa masana. Kulabokosi ija idali padzuwa, pafupi ndi khoma lotentha. Chivundikiro chake chidamuotcha zala. Atatsegula adapeza mapaketi a ayisi asanduka madzi ofunda, ndipo kabotolo kaja kadali kofunda ngati kachokera m'thumba la malaya.

Adakakweza m'mwamba n'kukayang'anitsitsa. Madzi ake adali oyera bwinobwino, monga adaliri m'mawa.

3. Ayisi wa ku Chilinde

Atayatsa foni adapeza kuti a Chimbalanga adamuimbira kasanu. Chala chake chidafika pa dzina lawo, koma sadadine. Adachita mantha. Adaona chikhoti choyera chikumuvuka, ndi anthu a ku Kawale akusiya kumuitana dzina lokoma lija.

Mantha amapereka nzeru zachilendo. Thandie adakwera kabaza n'kutsikira pamsika wa Chilinde, pamene adagula ayisi kwa mayi wina wogulitsa mafilizesi. Adakhala kuseri kwa okala ina kwa theka la ola, kudikira kuti mapaketi aja ndi kabotolo zizizirenso. Atayandikira ku labu, adataya ayisi wogulayo m'ngalande n'kupukuta kulabokosi ndi mpango.

Tisanamizane apa. Kusiya kabotolo padzuwa kudali kulakwitsa, ndipo aliyense wa ife akadatha kulakwitsa chimodzimodzi. Koma za ku Chilindezi Thandie adachita kukhalira pansi, maso ali poyera.

"Unali kuti?" adakalipa a Chimbalanga. "Foni imeneyo unagulira kujambulira nkhope yokha?"

"Pepani abambo, batire inatha. Ku labu yaikulu anandichedwetsa. Wosunga makiyi a filiji anatuluka, ndiye andipatsa chakumasana kuno."

A Chimbalanga adatsegula kulabokosi n'kupisamo dzanja. Mudali mozizira.

"Wafika pa nthawi yake. Ayisi anali atayamba kutha," adatero, ndipo adaika kabotolo mufiliji. Sadaganize zoimbira foni ku labu yaikulu, chifukwa Thandie adali asadawanamizepo. Adamupatsanso nthochi ziwiri zimene adasunga, poti mwana wa eni wayenda padzuwa osadya.

Thandie adadya nthochizo, koma sizidamukomere.

4. Timaenje makumi asanu ndi anayi kudza tisanu n'kamodzi

M'mawa mwake kudabwera a Dokotala Rachel Mbeza, mwini kafukufuku yense, mayi wosalankhula zambiri amene adathera zaka zitatu pa ntchito imeneyi. Adati mapuloteniwo adayesedwa Lolemba ku labu yaikulu ndipo adagwira bwino. M'kabotolo mudali mokwanira mbale yoyezera imodzi yokha, ndiye padalibe chifukwa choyesanso.

Mbale yake idali ya pulasitiki, yaing'ono ngati chikhatho, yokhala ndi timaenje makumi asanu ndi anayi kudza tisanu n'kamodzi. Kadontho ka magazi a mwana aliyense kankalowa m'timaenje tiwiri. Pambuyo pake ankathira mapuloteni aja. Pamene timanja tagwira, kadzenjeko kankayenera kusanduka kabuluu.

A Chimbalanga adaima patsogolo pa filiji yaikulu, dzanja lili pa chitseko. Adali ndi mwambo wawo umene ankachita nthawi zonse asanatulutse magazi a anthu.

"Ndifunse kaye, monga ndimafunsira," adatero. "Magazi awa tikawasungunula n'kuwathira m'mbale, sabwereranso. Si athu. Amayi anatipatsa magaziwa pamene ana awo anali pakati pa moyo ndi imfa. Ena ankanenedwa ndi anzawo kuti akupereka ana kwa anthu opopa magazi, koma anatikhulupirira. Ndiye ngati pali wina amene mtima ukumugunda pa chilichonse, kaya ndi sikelo, kaya ndi madzi, kaya ndi kabotolo, anene panopa chitsekochi chisanatseguke. Palibe amene amenyedwe."

A Dokotala adapukusa mutu kusonyeza kuti palibe. A Chimbalanga adayang'ana Thandie.

"Zonse zili bwino, abambo," adatero Thandie.

Chitseko chidatseguka.

Adagwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Thandie ndiye ankawerenga manambala a timabotolo, a Chimbalanga n'kumathira, a Dokotala n'kumalemba. Timabotolo ta ana tija tidatha kamodzikamodzi mpaka tonse makumi anayi tidatsala topanda kanthu. Thandie ankadzilimbitsa mtima kuti mwina dzuwa lija silidaononge kanthu. Ndi mmene amaganizira aliyense amene wabisa chinthu.

Pomaliza a Chimbalanga adathira madzi otulutsa mtundu. Onse atatu adaweramira mbale ija.

Padapita mphindi zisanu. Padapita khumi. Padapita makumi awiri. Timaenje tonse tidangokhala toyera ngati madzi a pampopi. Ngakhale timaenje ta kumapeto, mmene mudali magazi odziwika kale kuti amagwira, sitidasinthe mtundu.

A Dokotala adakoka mpando n'kukhala pansi. Adavula magalasi n'kugwira kumaso.

"Madzinja awiri," adatero, mawu ali pansipansi. "A Chimbalanga, mapuloteniwa anagwira Lolemba. Pali chimene chalakwika kuno kwathu. Mulembe lipoti."

5. Lipoti la a Chimbalanga

Mkulu uja adakhala patebulo lake ndi pepala. Adatambasula manja ake n'kuwayang'ana. Ankanjenjemera pang'ono, monga amachitira manja a munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi.

"Adokotala, musavutike kufufuza," adatero. "Kabotolo kanafika kozizira, ndinakagwira ndekha. Amene wasakaniza zonse ndine. Ndiyenera kuti ndaphonya muyezo penapake osazindikira. Manja awa akhala akundiuza, ine n'kumakana. Mwina nthawi yanga yakwana yoti ndisiyire ana."

Adayamba kulemba dzina lawo pamwamba pa pepala.

Apa mpamene Thandie adalephera kupirira. Adagwada pansi pomwepo ndi chikhoti chake choyera n'kunena zonse: za foni ya amayi ake, za siwa, za mtengo wa papaya, za ayisi wa ku Chilinde. Adalira kwambiri, mpaka mawu ena sankamveka.

Ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo mwina kukadamupepukira. Koma a Chimbalanga adaika cholembera pansi n'kulankhula mofatsa, mawu amene Thandie adali asadawamvepo pakamwa pawo.

"Dzuka, khala pampando. Za maliro sindikukudzudzula. Inenso ndikanapita, ndipo namfedwa akanandigwira dzanja sindikanamukankha. Ndife anthu, timakhala ndi anthu. Koma pali chimene sukudziwa, mwana wanga. Timabotolo tinabwera tiwiri. Kena kali ku labu yaikulu, kakugona mufiliji mpaka pano. Ukananena dzulo, tikanangoimba foni. Ukananena lero m'mawa, dzanja langa lili pa chitseko chija, tikanatseka n'kupita kukamwa tiyi. Tikanataya tsiku limodzi lokha. Mapuloteni amapangidwa, akatha anthu amapanganso ena. Koma magazi a mwana amene anadwala chaka chatha, ndani angawapangenso? Unaopa kukalipa kwa nkhalamba, n'kutaya chinthu cha anthu makumi anayi. Madzi akatayika saoleka."

Mawu akuti kabotolo kena kalipo adamupweteka Thandie kuposa ndodo.

A Dokotala adavalanso magalasi awo.

"Za ntchito yako tikamba Lolemba, Thandie," adatero. "Sindilonjeza kanthu. Koma makolo aja tinawalonjeza kuti tidzawauza zimene tapeza, ndipo tiwauza zoona. Upita nafe khomo ndi khomo. Ana ambiri anachira, akusewera. Koma atatu mwa ana amenewa anamwalira. Tiyambira kwa makolo awo, chifukwa iwowo ndi amene akhala akufunsa kwambiri."

6. Khomo loyamba

Lachisanu m'mawa galimoto idali itapeza mafuta. Idawasiya pamsewu waukulu ku Chilinde, ndipo adayenda wapansi m'tinjira ta pakati pa nyumba, a Dokotala patsogolo, a Chimbalanga pambuyo. Thandie adasiya chikhoti choyera ku labu. Palibe amene adamuuza kutero.

Adaima pa kanyumba ka zidina zosawotcha, kokhala ndi benchi yogulitsirapo tomato panja. A Dokotala adayang'ana papepala.

"Pano ndi kwa amake Levi. Mwanayo anali ndi zaka zitatu. Thandie, uodire ndiwe."

"Odi kuno," adatero Thandie.

Chitseko chidatsegulidwa ndi mayi wamng'ono, wosasiyana kwambiri msinkhu ndi Thandie. Atazindikira a Dokotala, adapukuta manja pachitenje mofulumira, adathamangira m'nyumba n'kutuluka ndi mphasa. Adaiyala pamthunzi, adagwada n'kupereka moni kwa aliyense ndi manja awiri.

"Ndimadziwa kuti mubwera," adatero. "Anzanga amandiseka kuti anthu aja anangotenga magazi basi, sudzawaonanso. Ine ndimawauza kuti Levi wapita, inde, koma anasiya kanthu kothandiza ana a anzanga."

A Dokotala adatembenukira kwa Thandie. A Chimbalanga adayang'ana pansi. Mayi uja, poona kuti wolankhula ndi mtsikanayu, adasendera pafupi naye.

"Nenani, achemwali, musaope," adatero. "Magazi a mwana wanga anakuuzani chiyani?"